Liwiro la Tepi

Ndiye kuti sanachite kukonzekera, ayi, zimenezo Duilio akanatha kulumbira pamaso pa wina aliyense — dzanja linangopezeka lili pamenepo, pa kabatani kakuda kopotokola kaja, kamene iye mwini anapempha m'mawa kuti kalumikizidwe ku makina a tepi chifukwa limba la m'situdiyomo linali litatsika mawu ndi kuzizira, ndipo kuchedwetsa tepi pang'ono kunali kwapafupi kusiyana ndi kudikira munthu wodzalikonza. Ntchito ya kabataniko inatha m'mawa momwemo. Kanangotsala apo, pafupi ndi bondo lake, kumbuyo kwa Ubaldo wojambula mawu, munthu amene maso ake sachoka pa timivi toyeza mawu ta makina ake ngakhale nyumba itayaka. Ukakapotokolera kumanja tepi imathamanga, ndipo tepi ikathamanga nyimbo yonse imakwera, magitala, ng'oma, limba, zonse pamodzi, moti woyimba amene wavala mahedifoni kuseri kwa galasi amangokwera nayo, osadziwa kuti wina akumukankhira m'mwamba. Aliyense wogwira ntchito m'masitudiyo a mu Milano ankadziwa zimenezi. Nereo yekha ndiye sankadziwa, poti Nereo sanakhalepo mbali ino ya galasi, kumene anthu amakhala mumdima n'kumasuta.

Anali ataima uko tsopano, mlamu wakeyo, mwamuna wa mlongo wake Fiorenza, malaya atamasula mpaka pamchombo ngakhale kunja kunali chifunga cha Januwale, kansalu kaubweya katakulunga khosi, akumwa madzi ofunda othira uchi. Eni kampani anali atasonkhanitsa akatswiri okhaokha: Catello wa gitala wochokera ku gulu lotchuka la ku Napoli, wang'oma wa gulu lina la ku Genova, wabesi wa linanso, ndi Nereo amene atsikana ankamung'ambira malaya pasiteji — anthu oti akakumana mumsewu sapatsana moni, koma awatsekera m'chipinda chimodzi kwa sabata kuti atenge nyimbo zakale za anthu akuda a ku Amereka, zija zoyenda mwachifatse, zolira chikondi, azimenye ndi magitala aukali mpaka makoma anjenjemere, popeza ana a masiku ano amagula phokoso. Pachikuto cha chimbale padzakhala nkhope za anayiwo. Duilio, amene anasankha nyimbozo, amene analembera aliyense polowera ndi pokhalira chete, amene onsewo ankamutcha aphunzitsi akafuna kanthu, dzina lake lidzakhala kuseri, m'munsi, moyandikana ndi la wojambula zithunzi — ndipo ngakhale pamenepo anachita kumupemphera ndi Nereo yemweyo, dzanja lili paphewa, akuseka, musandiiwalire mlamu wangayu. Zikomo kwambiri bwana, Mulungu akudalitseni.

Komatu lero anabwera ndi mtima wabwino, chimenecho ndicho chinkamupweteka, anabwera ndi mtima wabwino ndithu. Fiorenza anaimba foni m'mamawa, mawu ali pansipansi.

"Achimwene, mundisamalire munthuyo. Adokotala ati akangokuwa mopitirira, basi, mawu sadzabweranso."

Opaleshoni ya kholingo la Nereo inachitika mwakabisira Khirisimasi isanafike, ku chipatala cha kutali, eni kampani anauzidwa kuti wapita kukapuma kumapiri, ndipo kunja kwa banja kunalibe wodziwa. Duilio anauza mlongo wake kuti asadandaule, ndipo sankanama: anali atatsitsa kale nyimbo yovutayo, ija yokhala ndi mfuu yaitali kumapeto, anaitsitsa mwakachetechete asanajambule magitala, kuti Nereo aifike ali chikhalire, osauza munthu, osafunanso zikomo. Ndipo Nereo anaifikadi ulendo woyamba womwe, mosavutika, n'kuvula mahedifoni, n'kutsekula chitseko kuitana anzake amene ankasewera makadi panja.

"Mwamva inu? Mawu akadalipo awa!" Kenako analoza pagalasi. "Iyi ankayimba ndi alamu angawa kale ku kampu ya asilikali a Amereka ku Vicenza. Akangoyamba, asilikali onse ulendo wa kuchimbudzi."

Anaseka onse, ngakhale khosi la Ubaldo linagwedezeka. Duilio nayenso anaseka, nanga akanatani, anadina batani lolankhulira nati, "Zili bwino. Tibwereze kamodzi." Ndi pamenepo pamene dzanja linatsikira kubondo.

Pang'ono chabe, kachidutswa, koti ngakhale galu sangamve kusintha. Ankangofuna — ankafuna chiyani kodi? — kuona thukuta pachipumi chija, basi, kuti munthu adziwe kuti nyimbo imeneyi si yoyimba uku ukunyoza anthu, kuti alipo amene anaivutikira. Ulendo wachiwiri Nereo anafikanso, koma mtsempha wa m'khosi unatuluka pamwamba pa kansalu, ndipo Duilio atauona anamva kukoma kwinakwake, kotentha, konyansa, kukoma kwa munthu wokanda chilonda. Anadinanso batani. Anati ng'oma zaphimba mawu, ngakhale ng'omazo zinajambulidwa dzulo ndipo sizikanasintha. Nereo anagwedeza mutu, anamwa madzi ake, anavalanso mahedifoni ngati mwana womvera, ndipo kumverako n'kumene kunamupsetsa mtima Duilio koposa — bwanji osatsutsa, bwanji osanena kuti alamu mwayamba misala, iyi yatha, tiyeni ina? Akanatsutsa bwenzi zitathera pomwepo.

Asilikali sankapita kuchimbudzi. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Ankakhala, ankamvetsera, ndipo mmodzi wa iwo, wamtali, wophika m'kampu ya Amereka ija, wa ku Georgia, ndi amene anamupatsa zimbale zake zokalikakalika nati tenga, iwe uli nacho chinachake — kapena sanatero, kodi sanangomupatsa chifukwa ankabwerera kwawo ndipo zinkalemera m'chikwama? Duilio ankagona nazo zimbalezo, ankatsanzira mawu oti sankadziwa n'komwe tanthauzo lake mpaka amayi ake kumenya khoma, ndipo nthawi imeneyo Nereo anali ndani, mwana wa wogulitsa nsomba amene ankanyamula masipika a gulu la Duilio kuti alowe ulere. Loweruka lina chimfine chinamugwira Duilio, Nereo anati ndiyeseko, ndipo anayesa. Palibe amene anabwera kudzanena kuti Duilio siya kuyimba, ayi, akanatero bwenzi atakangana, atamenyana, zitatha. Loweruka lotsatira anangopeza chitsulo cha maikolofoni chitakwezedwa pa msinkhu wa Nereo, ndipo iye, wamfupi, anachiyang'ana, nayenda kukakhala palimba, kumene wakhala mpaka lero. Amayi anamwalira chithunzi cha mkamwini wawo chili pamwamba pa wailesi.

Anapotokolanso. Tsopano nyimbo inali itabwerera pamene inayenera kukhala asanaitsitse, choncho sanabe kanthu, wangolanda mphatso yake imene munthu wailavulira — ankadziuza choncho, ndipo zinkamveka zanzeru, mpaka ulendo wotsatira dzanja linapitirira pamenepo, linapitiriranso, ndipo zifukwa zobwerezera zinkangotuluka zokha m'kamwa, mwapuma molakwika, mwachedwa kulowa, Ubaldo mawu aja anasweka pamakina. Masana anali kupita, utsi unali utadzaza chipinda. Pa mfuu ya kumapeto mawu a Nereo anang'ambika pakati ngati nsalu yakutha, ndipo Ubaldo anaimitsa tepi.

Nereo anagwira kansalu kake, nayandikira maikolofoni. "Pepani alamu, ndine ndikulakwitsa." Anatsokomola. "Koma nyimboyi ili pomwe paja?"

Apa ndiye panali potulukira, Duilio anapaona bwinobwino, potseguka: kungoseka, kunena kuti makinawa apenga, a Ubaldo taonani tepi yanu, kubweza kabatani pakati, kupita onse kukamwa khofi kutsidya kwa msewu, madzulo kukadya kwa Fiorenza ngati palibe chachitika. Anamuona Fiorenza atagwira foni ndi manja awiri, anawaona ana a mlongo wakeyo amene amamuthamangira n'kumupisa m'matumba, malume mwatibweretsera chiyani, anamva chisoni chenicheni, chisoni cha munthu wabwino amene ankadziwa kuti iye ali — ndipo chala chinali kale pa batani lolankhulira.

"Pomwe paja."

Nkhope ija, imene sinadziwepo mantha chibadwire, inachita mantha pamaso pake, poyera, pansi pa magetsi onse aja. Chifukwa ngati nyimbo ili pomwe paja, ndiye kuti chasuntha ndi kholingo, ndiye kuti mpeni wa adokotala unachotsa zambiri kuposa zimene ananena. Duilio anawerenga ganizo limenelo likudutsa pachipumi cha mlamu wake, ndipo sanayang'ane kumbali.

Chitseko cha kumbuyo chinatseguka, kunalowa fungo la vinyo ndi la nyama yamchere. Anali Catello, makadi ali m'manja, wabwera kudzafunsa ngati atha kupita. Tepi inali itayambanso. Catello anaima, napendeketsa mutu, munthu woti makutu ake ankadziwika mzinda wonse, anamvetsera gitala yake yomwe kanthawi kochepa, kenako maso ake anatsika pang'onopang'ono kuchoka pankhope ya Duilio mpaka kubondo, ndipo Duilio anadziwa kuti wagwidwa, zatha, aulula, ndipo mwina ndi bwino, aulule, akuwe, wina andigwire dzanjali. Catello anawerama mpaka ndevu zake kukhudza khutu la Duilio.

"Aphunzitsi, gitala yanga yamwa khofi eti?" Dzino lake lagolide linaonekera. "Musasiye. Ndikaitane anzanga."

Anabwera onse, anandandalika kukhoma, ndudu zili pakamwa. Kaya Catello anawauza kaya sanawauze, koma wang'oma ankangoluma mlomo, wabesi akuyang'ana kudenga mapewa akugwedezeka, anthu amene sabata yonse ankatafuna nkhani yoti nkhope ya Nereo ndiyo idzakhale pakati pachikuto. Duilio anadana nawo ndi mtima wake wonse. Awa analibe ufulu, awa sanataye kanthu, sanachione chitsulo chija chitakwezedwa. Chidani chinali chake, anachilera yekha zaka zonsezi, anachidyetsa pa Khirisimasi iliyonse ndi pa ubatizo wa mwana aliyense, ndiye awa angobwera kudzanyambitako ngati agalu a paukwati? Anafuna kutembenuka, kuwathamangitsa, kuteteza mlamu wake kwa afisi amenewa — iyeyo, amene dzanja lake linali likadali pa kabatani, litanyowa ndi thukuta. Kuseri kwa galasi mawu anang'ambikanso, malo omwe aja, ndipo wina kukhomako anatsokomola chotsekereza phwete.

"Apume kaye," anatero Ubaldo osatembenuka.

Akudziwa? Khosi lonenepa lija silinkanena kanthu. Munthu woti wakalambira pamakina sangalephere kumva tepi ikuthamanga, ndiye ngati akumva bwanji satambasula dzanja, bwanji aliyense akumusiyira iye yekha, ngati ndi iye yekha ali ndi chikumbumtima m'chipinda muno? Chabwino, apume. Duilio anadina batani, ndipo anamva mawu ake omwe akutuluka ofewa, achifundo, okwanira kuti onse kukhoma amve, mawu amene ankadziwa bwino lomwe chimene adzachite kwa munthu wonyada ngati uyo.

"Alamu, musadzikakamize. Tiitsitse pang'ono? Si chamanyazi."

Nereo anayang'ana nkhope zija kukhoma, imodzi ndi imodzi. Anamasula kansalu m'khosi, nakaponya pansi.

"Sitikutsitsa kanthu. Iyikeni."

Ubaldo anapuma mozama, nabweza tepi. Ino ndiyo inali nthawi yobweza kabatani pakati, mwakachetechete, Nereo afike mosavuta, afisi aja achite manyazi, Fiorenza alandire mwamuna wake wamphumphu, palibe akanadziwa — Duilio anaganiza zonsezi momveka bwino, mwadongosolo, anagwirizana nazo, ndipo pansi pa tebulo zala zinapotokola kumanja mpaka kabatani kanafika pothera.

Magitala analowa. Nereo anatseka maso. Ndime yoyamba anaiyimba ndi mano, yachiwiri ndi chifuwa, manja onse atagwira chitsulo cha maikolofoni, chokwezedwa pa msinkhu wake monga mwa nthawi zonse, ndipo Duilio anapezeka akuyenda naye, milomo ikutsatira liwu lililonse, mpweya akukokera limodzi, kholingo lake lomwe likumangika pamene mfuu inkayandikira, mumtima akupempha zinthu ziwiri nthawi imodzi, Ambuye agwe, Ambuye afike, osadziwa kuti pemphero lake lenileni ndi liti. Mfuu inafika. Nereo anapinda mawondo, mitsempha yonse ili panja, anaitulutsa — ndipo inakwera, inakhazikika pamwamba pomwepo, yaitali, yoyaka, yamchenga mkati, inapitirira pamene Duilio analemba kuti ithere, inapitirira magitala, inatsala yokha m'chipinda mpaka inazima.

Palibe anaseka. Phulusa la ndudu ya wabesi linagwera pansapato yake. Kuseri kwa galasi Nereo anali atawerama, dzanja limodzi pabondo, akutsokomolera pa mpango woyera, ndipo atauchotsa pakamwa anauyang'ana kanthawi, naupinda msanga n'kuulowetsa m'thumba, koma Duilio anali ataona kale kufiira.

Ubaldo anabweza tepi kuti amvetsere. Kenako, osatembenuka, anatambasulira dzanja kumbuyo, linadutsa pabondo la Duilio mosafufuza, linabweza kabatani pakati. Ndiye kuti ankadziwa. Kuyambira liti, kuyambira ulendo wachiwiri uja, kuyambira pa bodza lija?

Tepi inayenda pa liwiro lake lenileni, nyimbo inatsikira pamalo pake, ndipo mawu a Nereo anatsika nayo — Duilio anali ataiwala zimenezo, iyeyo aphunzitsi, anaiwala kuti chimene wajambula tepi ikuthamanga chimatsika ukaibweza. Amene anatuluka m'masipika sanali mawu a Nereo wa atsikana uja, opepuka, osalala. Anali mawu akuya, olemera, a munthu amene waona zowawa, ululu wonse wa masanawo uli momwemo koma ukuyenda mwachifatse pamwamba pa magitala aukali, mawu aja a m'zimbale za wophika wa ku Georgia, amene Duilio anawasaka unyamata wake wonse kuseri kwa khoma la amayi ake osawapeza. Wawaumba ndi zala zake lero, n'kuwaika m'kamwa mwa munthu wina. Catello anachita chizindikiro cha mtanda. "Mayo ine," anatero wang'oma. Chimbalechi chidzagulidwa, chidzalira m'mawailesi onse, ana a Fiorenza adzakula nacho, anthu adzati apa ndiye Nereo anayimba, ndipo Duilio anazindikira, manyazi akumuwotcha nkhope, kuti m'maso mwake muli misozi, kuti misoziyo sinali ya chisoni koma ya kukoma kwa nyimbo, ndiponso kuti tepi ikatha afuna aimvenso.

Pakhoma kababu ka foni kanayamba kuphethira, poti m'situdiyo foni siimalira. Fiorenza ananena kuti aimbanso chakumadzulo. Palibe anasuntha kukayankha.

Nereo ankamvetsera m'mahedifoni, poyamba akumwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wapulumuka, chala chachikulu atakwezera mlamu wake. Kenako mutu unapendekeka. Dzanja linakwera pang'onopang'ono kukagwira kholingo, pamene pankawawa, pamene pankakumbuka bwino lomwe kutalika kumene panafika, ndipo chimene ankamva m'makutu chinali m'munsi mwa pamenepo, m'munsi kwambiri, pomwe paja pa ulendo woyamba. Kumwetulira kunatsalira pankhope kanthawi, kopanda mwini. Anayang'ana akatswiri aja kukhoma, onse anapeza choti aone pansapato zawo. Anayang'ana Ubaldo, Ubaldo anali pa timivi take. Ndipo maso anafika pa Duilio, anakhala pankhope pake, kenako anatsika mpaka m'mphepete mwa tebulo, pamene mkono wake wamanja unkalowera pansi.

Anayandikira maikolofoni. Milomo inayenda, liwu loyamba Duilio analiwerenga, linali alamu, koma m'masipika simunatuluke kanthu. Ubaldo anakweza mphamvu, anagwedeza chingwe, anakodola Nereo kuti ayesenso. Nereo anagogoda maikolofoni ndi chala, ndipo kamuvi kanalumpha, gu, gu, chipinda chonse chinamva. Anatsekulanso pakamwa, mitsempha ya m'khosi inatulukanso, maso ali pa Duilio osaphethira, kababu kakuphethirabe pakhoma, ndipo Duilio anayang'ana kamuvi kaja, poti n'kokhako kamene akanatha kuyang'ana. Kanali katagona kumanzere, phee, milomo ija ikupitirizabe kuyenda.